Linga Lopanda Makoma: Mbiri ya Citunda ca Boma m'Lusaka

Munthu wocokera ku Kanyama, pofuna kukafika ku nyumba za Boma, ayamba ulendo wace pa cidikha pamene miyala ituruka m'nthaka ngati mano, ndipo madzi a dzinja asowa kolowera. Akapyola misika ndi masitolo a mu Cairo Road, naoloka njanji pa mlatho, mseu uyamba kukwera pang'ono-pang'ono. Kukwerako sikuli kwa phiri ai. Wa pa njinga angomva kuti miyendo yalemera, ndipo wa m'basi sazindikira kanthu. Koma atayenda mailosi awiri aona kuti mitengo yacuruka, nyumba zatalikirana, ndi pfumbi lacepa. Pamenepo wafika pa citunda cimene Azungu anacicha Ridgeway, pamene dziko lonse lilamulidwa kuyambira caka ca 1935.

Makolo a Acewa ndi Ansenga anadziwa bwino cinthu cochedwa linga. Masiku aja a nkhondo za Angoni ndi za Acikunda ogwira akapolo, mudzi wofuna kugona tulo unazinga nyumba zace ndi mitengo yozika pafupi-pafupi, mwina nkuimata ndi dothi, nusiya cipata cimodzi cokha cimene anyamata anatseka ndi mipiringidzo dzuwa litalowa. M'katimo munali nkhokwe, makola ndi nyumba ya mfumu, ndipo linga lokhala ndi citsime m'kati ndilo linapirira adani masiku ambiri. Mitundu ya kutali inacita comweco, koma ndi miyala. Mzinda wa Cairo ku Egypt, umene dzina lace liri pa mseu wa masitolo m'Lusaka, uli ndi linga lochuka pa msana wa phiri la Mokattam. Amene analiyamba ndiye Salah ad-Din, m'caka ca 1176. Anchito ace anaboola thanthwe kupitirira mapazi 250 kufuna madzi, ndipo olamulira dzikolo anakhala m'menemo zaka ngati 700, kufikira Khedive Ismail anatsikira ku nyumba yace yatsopano ya Abdeen. Kufupi kuno Apwitikizi anamanga linga la São Tiago pa gombe la Zambezi ku Tete. Ndipo mzinda umene lero uchedwa Chipata unabadwa ndi dzina la linga, Fort Jameson, Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kupha mwana wace Nsingo m'caka ca 1898.

Mzinda wa Lusaka ulibe linga lotere. Mlendo angafune tsiku lonse, sadzapeza nsanja ya alonda kapena mcera wozinga mzinda. Komabe zonse zimene zikhala m'linga la mzinda waukuru ziripo pa citunda cija: nyumba ya wolamulira, misasa ya asilikari, bwalo la mirandu, nyumba ya mapemphero, ndi manda a atsogoleri. Ndipo zaka 29 zoyamba citundaco cinali ndi makoma ace, angakhale sanali a miyala. Akuru-akuru a ku Matero ndi ku Chilenje awakumbukira makomawo, pakuti anagundapo mphumi zao kawiri-kawiri.

Poyamba panalibe cosonyeza kuti malowa adzakhala kanthu. Njanji yocokera ku Victoria Falls kunka ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe, inalowa m'dziko la Asoli ndi Alenje m'caka ca 1905. Omanga njanji anali kuika popatukira sitima pakapita mailosi 20 ali onse, ndipo popatukira pamodzi panagwa kufupi ndi mudzi wa nyakwawa dzina lace Lusaaka, umene anthu anena kuti unali ca ku Manda Hill. Eni njanji anangotenga dzina la nyakwawayo nalemba pa cikwangwani. Pambuyo pace kunadza Mabunu ndi ngolo zao kudzatsegula mafamu. Amalonda anamanga masitolo a malata moyang'ana njanji. Ndipo Mtaliyana wina, Marrapodi, anayamba kuocha laimu, ndiye amene dzina lace latsala pa komboni kufikira lero lomwe. M'caka ca 1913 kamudziko kanapatsidwa bungwe loyang'anira zinthu zace. Mbiri yace siinali yokoma. M'cilimwe kunali pfumbi, m'dzinja matope ndi udzudzu, cifukwa kanamangidwa pa thanthwe la njereza losalala, pamene madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikacuruka angokwera pamwamba nakhala.

Nthawi imeneyo Boma lalikuru linali kutali. Kampani ya British South Africa inalamulira dziko m'zigawo ziwiri, ca kum'mawa kucokera ku Fort Jameson, ca kumadzulo kucokera ku Kalomo ndipo bwino lace ku Livingstone. M'caka ca 1911 zigawozo zinaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, Boma nilikhala ku Livingstone, ndipo mu 1924 Kampani inapereka dziko m'manja mwa Boma la ku London. Koma Livingstone ali ku malekezero a dziko, m'cigwa cotentha ca Zambezi. Migodi ya mkuwa itayamba kutseguka kumpoto, ku Luanshya, Nkana ndi Mufulira, kunaoneka poyera kuti Bwana Mkubwa ali kukhala kutali ndi cuma cimene anayenera kuciyang'anira. Cotero m'masiku a Bwana Mkubwa Sir James Maxwell kunaitanidwa katswiri wa mamangidwe a mizinda, Profesa Stanley Adshead wa ku London, ndipo mu 1931 kunatsimikizika kuti Boma lidzasamukira ku Lusaka. Malowo anali pa njanji, pa mphambano ya mseu wa kumpoto ndi wa kum'mawa, pamtunda wa mapazi oposa 4,000 pamene mphepo izizira, ndipo pansi pa miyala panali madzi okwanira mzinda.

Komatu Adshead sanakondwe ndi kamudzi ka m'mbali mwa njanji. Anayang'ana kum'mawa, naona citunda cacitali pamene madzi a mvula atsika okha mbali iyi ndi iyo, nalemba mzinda wace pamenepo: miseu yotakata, mitengo yobzala m'mizere, nyumba iri yonse pa bwalo lace-lace. Mmisiri wa Boma, P. J. Bowling, anakonzanso mapuwo asanayambe kumanga. Onse awiri anaganizira mzinda wa akuru a Boma ndi mabanja ao. Munthu wakuda anawerengedwa monga mesenjala, wophika, wolima maluwa, kapena msilikari, ndipo anamyesa mlendo amene adzagwira nchito zaka zowerengeka, nabwerera kumudzi kumene anasiya mkazi ndi ana. Kuti munthuyo adzakalamba m'Lusaka, nadzabala adzukulu osadziwa njira ya ku Petauke kapena ya ku Katete, olemba mapuwo sanaciganizire konse. Mabvuto ambiri a mzinda wa lero anabadwira pa pepala limenelo.

Nchito yomanga inagwa pa zaka zimene malonda anafa pa dziko lonse lapansi, ndipo ndalama zinacepa. Nyumba zambiri za pa mapu sizinamangidwe, ndipo amalonda anakana kusiya masitolo ao a pa njanji. Cifukwa cace mzinda unakula ndi mitu iwiri, wa malonda kumunsi ndi wa Boma kumtunda, ndi chire pakati pao. Mwala wa maziko a nyumba ya maofesi a Boma, yochedwa Secretariat, unaikidwa ndi Prince George, mwana wa Mfumu George V, m'mwezi wa April 1934. Caka cotsatira alembi ndi mabuku ao anakwera sitima ku Livingstone, ndipo kumapeto kwa May 1935 Bwana Mkubwa Sir Hubert Young anatsegula mzinda watsopano ndi madyerero a sabata lathunthu, pamodzi ndi cikondwerero ca zaka 25 za ufumu wa George V. Koma madyererowo sanapite bwino. Sabata lomwelo anchito a m'migodi anali atanyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo pa 29 May, ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, anchito asanu ndi mmodzi anaomberedwa nafa. Nyumba ya Boma inatsegulidwa mbendera ziri petupetu, pamene ku Luanshya anali kukumba manda.

Secretariat iripo lero, ndipo ichedwa Cabinet Office. M'cipinda cina ca nyumba yomweyo ndimo munakhala Bwalo la Malamulo. Kwa zaka 13 munthu wakuda sanakhalemo pa mpando. Zofuna za anthu akuda zinanenedwa ndi Azungu osankhidwa ndi Bwana Mkubwa, ndipo wochuka mwa iwo ndiye Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu. Oyamba kulowamo anali Nelson Nalumango ndi Mbusa Henry Kasokolo, m'caka ca 1948. Pandunji pa nyumbayo pali cipilala cokumbutsa asilikari amene anafa pa nkhondo zazikuru ziwiri. Pafupi pomwepo pali Bwalo Lalikuru la Mirandu, ndipo pabwalo pace panaima kale cifanizo ca mkuwa ca munthu wokwera pa kavalo, cochedwa Physical Energy, cimene anaimika mu 1960 kukumbukira nchito za Cecil Rhodes ndi Kampani yace. Kavaloyo sanakhalitse. Dziko litalandira ufulu anthu sanafune kumuonanso, ndipo mu 1966 anamtumiza ku Salisbury, mzinda umene lero uli Harare. Cakufupi, pa kamtunda kace, pali chalichi cacikuru ca mpingo wa Anglican, ca Mtanda Woyera, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Makoma ace atali ndi magalasi a mawanga-mawanga aoneka kutali.

Wotsata mseu wa Independence Avenue kunka kum'mawa afika pa mpanda wautali, ndipo m'kati mwa mitengo muli nyumba ya mizati imene inali Government House, mokhala Bwana Mkubwa, ndipo lero iri State House. Pambali pace pali misasa ya asilikari ya Arakan. Dzinali liri ndi mbiri yace. Arakan ndi dera la ku gombe la Burma, kumene asilikari a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi Ajapani pa nkhondo yaciwiri. Misasa yambiri ya m'dziko muno inachedwa motero, kutsata malo kumene anyamata a kuno anakhetsa mwazi: Tug Argan ku Ndola ikumbutsa nkhondo ya ku Somaliland ya 1940, Gondar ku Chipata ya ku Ethiopia ya 1941, Chindwin ku Kabwe mtsinje wa ku Burma. Ambiri a anyamatawo, atabwerako ndi mamendulo pa cifuwa, anapeza kuti saloledwa kulowa pa khomo la sitolo m'mzinda umene anauteteza.

Awa ndiwo makoma aja. Loyamba linali citupa. Mwamuna ali yense wakuda anayenera kuyenda ndi citupa colembedwa dzina lace, mudzi wace, mfumu yace ndi msonkho wace, ndipo wopezeka m'tauni wopanda nchito anatha kubwezedwa kwao. Laciwiri linali pasi ya usiku: wophika wotsiriza nchito mocedwa anayenera kunyamula kalata ya bwana wace, kuti wapolisi angamgwire pa njira. Lacitatu linali nyumba. Nyumba ya m'tauni inali ya nchito, si ya munthu ai. Nchito ikatha nyumba yatha, ndipo wocotsedwa nchito Lacisanu anali panja ndi katundu wace Lolemba. Lacinai, limene linawawa koposa pakuti linali la tsiku ndi tsiku, linali kazenera ka m'mbali mwa sitolo. Mzungu analowa pa khomo nasankha cimene afuna; wakuda anaima panja pa mzere, napereka ndalama pa kazenera, nalandira nyama yokulunga kale m'pepala, osaiona. Mlonda wa linga la miyala atseka cipata usiku wokha, koma makoma awa anali cimangire usana ndi usiku.

Nanga anthu anagona kuti? Boma linamanga tinyumba tozungulira ta udzu ku Kabwata, tolinga amuna osakwatira; tina ta ito tinasungidwa, ndipo lero m'menemo akhala osema ziboliboli ndi ogulitsa zoumba. Lamulo la 1948 linakakamiza olemba nchito ndi Boma la mzinda kupatsa anchito nyumba zokhalamo ndi akazi ao, ndipo potsata lamulolo Chilenje anakula kumwera, ndi Matero anamangidwa kumpoto ca kumadzulo m'zaka zoyamba za m'ma 1950. Koma nyumbazo sizinakwane ndi kamodzi komwe. Oumba njerwa, ophwanya miyala, osoka, ofulula mowa, ndi onse opanda bwana wowalembera kalata anapita kwa eni mafamu ozinga mzinda, nalipira kandalama pa mwezi kuti amange kanyumba ka dothi. Malowo anali kunja kwa malire a mzinda, cotero Boma la mzinda linati si nchito yace kupatsako madzi kapena mseu. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri ali ndi maina a anthu ndi a makampani: George, John Laing, John Howard, Marrapodi. Chawama anayamba ndi dzina lakuti Roberts. Kalingalinga anamera kum'mawa, kufupi ndi mayadi kumene anthu ace anali kugwira nchito, ndipo Kanyama anamera kumadzulo, pa thanthwe lomwe lija limene Adshead analikana.

Linga likazingidwa, adani amanga misasa yao kunja kwace. Ici cinacitika m'Lusaka, koma ozingawo sanadze ndi mikondo. Anali anthu omwewo amene m'mawa anali kukwera citunda kukasesa maofesi. M'mwezi wa March 1953 Harry Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, anatentha pamaso pa khamu la anthu kalata ya Boma la ku London yolongosola Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Citaganyaco cinadza ndithu caka comweco, koma moto uja sunazime. Mu 1954 amai a m'makomboni anaima pa makomo a mabuchala kuletsa anzao kugula pa kazenera, ndipo eni mabuchala anaphunzira kuti ndalama ya wakuda nayonso iri ndi mau. Kenneth Kaunda ndi anzace anapatuka mu October 1958 nayambitsa Zambia African National Congress. Bwana Mkubwa Sir Arthur Benson analetsa cipanico mu March 1959, ndipo Kaunda anatumizidwa ku Kabompo, bwino lace kundende. Ataturuka mu January 1960 anatsogolera cipani ca UNIP, nakhala m'kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje kufikira December 1962. Ku Matero nyumba ya nambala 3144 inali ofesi ya cipanico masiku ace oyamba. Pamene nduna ya ku London yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angerezi, Iain Macleod, inatera pa bwalo la ndege la Lusaka mu 1960, mai Julia Chikamoneka ndi anzace anabvula malaya pamaso pace, monga acita amai pamene cisoni ndi mkwiyo zapyola mau. Mu 1961, masiku a Cha Cha Cha, anthu anaunjika zitupa zao nazitentha, maka-maka ku zigawo za kumpoto.

Kanyumba ka ku Chilenje kaja kasungidwa monga cikumbutso ca dziko, ndipo galimoto ya Land Rover imene inayenda pa nchito ya cipani iri pabwalo pomwepo. Woona Secretariat ndi State House wosaona kanyumbaka waona theka lokha la mbiri.

Usiku wa pa 23 kuca wa pa 24 October 1964 mbendera ya Angerezi inatsika, ya Zambia nikwera. Mwambowo sunacitikire pa citunda ai, koma pa bwalo la Independence Stadium, kumpoto, ca kufupi ndi Matero, pakuti pamenepo ndipo panatha kukwana khamu. Bwana Mkubwa wotsiriza, Sir Evelyn Hone, anatsazika, ndipo munthu amene anacoka ku Chilenje zisanathe zaka ziwiri analowa m'State House. Boma latsopano linaonjeza nyumba zace. Nyumba ya Malamulo, yokutidwa ndi mkuwa, inatsegulidwa mu 1967 pa Manda Hill, pafupi ndi pamene panali mudzi wa Lusaaka. Mulungushi Hall inamangidwa mwaliwiro cifukwa ca msonkhano wa maiko osatsata mbali wa mu September 1970. Cifanizo ca Ufulu, munthu wodula unyolo, cinaimikidwa mu Independence Avenue mu 1974, ndipo pambali pace pali nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 1996.

Citupa citatha, anthu anadza monga madzi a mtsinje wodzala. Mu 1963 m'Lusaka munawerengedwa anthu ngati 123,000. Mu 1969 anali oposa 260,000. Pa kalembera wa 2022 anapyola 2,200,000. Mtendere anatsegulidwa mu 1967, Boma ligawa malo kuti munthu amange yekha. Kwa zaka zina akuru a mzinda anayesa kugwetsa makomboni, koma anagwetsa usana, anthu namanganso usiku. Potsiriza lamulo la 1974 linabvomera kuti makomboni ali mbali ya mzinda, nilipatsa okhalamo kalata yokhalira pa malo zaka 30, ndipo ndi ngongole ya Banki ya Dziko Lonse mipope ndi miseu zinalowa m'Chawama ndi m'George. Inali nchito yabwino, ndipo ayenera kuyamikidwa amene anaicita. Koma inadza zaka 40 mocedwa.

Adani eni-eni a mfuti anafika pa citunda kamodzi. Masiku a nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, Lusaka anasunga othawa ndi atsogoleri a maiko a kumwera, ndipo analipira mtengo wace. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda. Usiku wa pa 13 April 1979 asilikari a Rhodesia, ataoloka nyanja ya Kariba ndi magalimoto ao, analowa m'Lusaka mwenimweni, naphwasula nyumba ya Joshua Nkomo, kufupi ndi State House ndi misasa ya Arakan, nabwerera. Nkomo sanalimo. Patapita miyezi inai atsogoleri a Commonwealth anasonkhana m'mzinda womwewo, Mfumukazi Elizabeth ali pomwepo, napangana zimene zinatsegula njira ya ku Lancaster House ndi ufulu wa Zimbabwe.

Omvera wailesi adzakondwa kudziwa kuti iwo amene anafuna kulanda Boma m'Lusaka sanathamangire ku State House poyamba, koma ku nyumba ya wailesi. Kuulutsa mau kunayamba m'mzinda uno mu 1941, ndipo kunafika m'makomboni ndi m'midzi kuyambira 1949, pamene Harry Franklin anapezetsa kawailesi kozungulira konga poto, ka mtengo wa mapaundi 5, kochedwa Saucepan Special. Kuyambira pamenepo liu loturuka m'kabokosiko linasanduka liu la Boma. Mu June 1990 mtengo wa ufa unakwera kowirikiza, ndipo m'mzinda munabuka cipolowe cimene cinapha anthu. Mbandakuca wa pa 30 June msilikari wina, Mwamba Luchembe, analowa m'nyumba ya wailesi nalengeza kuti asilikari atenga Boma. Kunena zoona iye analibe gulu la nkhondo pambuyo pace, ndipo pasanapite maola ambiri anagwidwa. Koma m'maola amenewo anthu a m'makomboni anadzaza miseu ndi nthungululu, ndipo a pa citunda anamva cimene sanafune kumva. Caka cisanathe lamulo la cipani cimodzi linacotsedwa. Mu July 1991, pamene Kaunda ndi Frederick Chiluba anasemphana pa za malamulo a dziko, akuru a mipingo anawakhazika pamodzi m'chalichi ca Mtanda Woyera, ndipo pa cisankho ca pa 31 October Chiluba anapambana, Kaunda naturuka m'State House mwamtendere. Pa 28 October 1997 Kaputeni Steven Lungu, wodzicha Solo, anayesanso njira yomweyo ya wailesi, nalephera tsiku lomwelo. Nyumba ya wailesiyo iri mu mseu wochedwa dzina la Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mau wa masiku a Saucepan Special, amene anafa mu 1978 pamene asilikari a Rhodesia anathira nkhondo ca ku Mkushi.

Khoma limodzi la masiku a Adshead silinagwe, ndilo la madzi. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Mvula igwa cimodzimodzi pa Ridgeway ndi pa Kanyama, koma pa citunda itsika nipita, pamene pa thanthwe iima m'mabwalo ndi m'nyumba. Mu 1978 madzi anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, ndipo kuyambira pamenepo palibe dzinja la mvula yambiri limene anthu a kumeneko agona osadera nkhawa. Coipa coposa ciri pansi. Mwala wa njereza uli ndi ming'alu ndi mapanga, cotero madzi a m'cimbudzi ca nyumba iyi ayenda mobisika nakaturukira m'citsime ca nyumba iyo. Kolera ya 2017 ndi 2018 inakula kwambiri ku Kanyama, kotero kuti Boma linatumiza asilikari kukacotsa ogulitsa m'miseu ndi kuletsa kuyenda usiku m'komboniyo. Mu January 2024 odwala anacuruka kufikira anawagoneka pa bwalo la mpira la National Heroes, pambali pa bwalo lija pamene mbendera inakwera mu 1964.

Pandunji pa Cabinet Office pali malo ochedwa Embassy Park, pamene agona atsogoleri a dziko. Levy Mwanawasa anayamba kuikidwapo mu 2008, Frederick Chiluba mu 2011, Michael Sata mu 2014, Kenneth Kaunda mu 2021, ndi Rupiah Banda mu 2022. Manda ali onse ali ndi mamangidwe ace, ndipo alendo aloledwa kukaona.

Makoma a njerwa, amene mzinda unalibe pamene unali wa Bwana Mkubwa, tsopano ali ponse-ponse. Ku Kabulonga, ku Woodlands, ku Rhodes Park, nyumba iri yonse yazingidwa ndi mpanda wautali, pamwamba pace waya wa minga kapena wa magetsi, pa cipata mlonda. Dzuwa lisanaturuke mizere ya anthu icoka ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, kunka ku mipandayo kukaphika, kukacapa ndi kukalonda. Ndipo wodutsa mu Alick Nkhata Road aona m'mbali mwa mseu amisiri a ku Kalingalinga ali kuumba mabuloko ndi kuocherera zitsulo, zipata zatsopano zitatsamira pa mitengo, kudikira ogula a kumayadi.